Musanaitane katapila pamalo panu, yambani mwakonza podutsa lole

Munthu akagula malo, kaya ndi puloti ya ku Mpingu kapena munda wa mahekitala angapo ku Mchinji, maganizo ake amathamangira pa makina amene adzagwire ntchito: buludoza yozula zitsa, ekisikaveta yokumba damu, gireda yosalaza. Amafunsa mtengo wa pa ola, n'kulipirako theka, n'kuyamba kudikira tsiku. Funso limene limaiwalika ndi lakuti makinawo adzalowera pati. Makina oyenda pa matcheni, amene ambiri amangowatcha katapila, sachoka okha kwa eni ake kubwera kwanu. Amabwera atakwezedwa pa lobedi, lole yaitali yotsika yonyamulira makina, ndipo pambuyo pake pamabwera matipa a mchenga ndi kwale, bawuza ya madzi, galimoto ya dizilo, mwinanso malole awiri a okumba mjigo. Zimene zimatitimira, kugumula mpanda wa aneba, kuswa makalavati ndi kukola mawaya a magetsi, kawirikawiri ndi zamatayalazi. Ine ndimati njira ikonzedwe poganizira galimoto yovutitsitsa imene idzalowe pamalopo, ndipo galimoto imeneyo si katapila ayi.

Taonani kusiyana kwake. Ekisikaveta yapakatikati, monga Caterpillar 320 kapena Komatsu PC200, imalemera matani 20 mpaka 23, koma kulemera konseko kumagawikana pa matcheni awiri aatali ndi otambalala, moti imapondereza nthaka ndi mphamvu ya 45 mpaka 50 kPa basi. Tipa ya makiyubiki mita 10 ikadzaza mchenga imanyamula matani pafupifupi 16, ndipo pamodzi ndi kulemera kwa galimotoyo zimafika matani 26 mpaka 28. Zonsezo zimatsikira pa timalo tating'ono pamene matayala agunda pansi. Matayala ake amapopedwa mpweya wa 700 kPa kapena kuposa, ndipo nthaka ya pansi pa tayala imalandira mphamvu yoyandikira pamenepo. N'chifukwa chake pamene ekisikaveta yadutsa bwinobwino, tipa ikhoza kumira mpaka maekiselo. Komanso ekisikaveta imalowa kamodzi n'kutuluka kamodzi, pamene tipa imaponda malo omwewo maulendo 30 kapena 50.

Yendani njira yonse wapansi

Kuyeza kumayambira pamene tala wathera, osati pa geti panu. Pitani ndi dalaivala wa lobedi kapena opareta amene adzagwiredi ntchitoyo, osati wa mu ofesi amene walandira ndalama. Ngati akufuna kuti muwalipirire ulendo, lipirani, chifukwa ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi lobedi yobwerera pa njira itanyamula makina. Tengani tepi ya mamita 30 kapena 50, khasu, chitsulo chomangira nyumba cha Y12 chotalika mita imodzi ndi theka, penti wofiira, zikhomo, ndi foni yojambulira. Mu galimoto yaing'ono simungaone zimene muyenera kuona, chifukwa imakhota paliponse ndipo imadutsa pansi pa nthambi iliyonse.

Manambala oyenera kukhala m'mutu ndi awa. Lobedi pamodzi ndi mutu wake imatalika mamita 18 mpaka 22. Ekisikaveta ija ndi yotambalala pafupifupi mamita 3, yaitali mamita 9.5 mkono utapindidwa, ndipo msinkhu wake ndi mamita 3. Ikakwera pa lobedi nsonga yake imafika mamita 4 kapena kupitirira pang'ono, ndipo zonse pamodzi zimalemera matani 40 kapena kuposa. Buludoza ya D6 vuto lake ndi buledi, chikhasu chakutsogolo chija, chimene chimatambalala mamita 3.2 mpaka 4 malinga ndi mtundu wake, moti chimatulukira mbali zonse za lobedi. Katundu wotere amaposa muyezo wa malole wamba, choncho mufunseni mwini lobedi ngati chilolezo choyendera pa msewu ali nacho. Gireda ndi JCB, thirakitala ya chidebe kutsogolo ndi mkono wokumbira kumbuyo, zimayenda zokha pa matayala, ndiye sizivuta kwambiri, ngakhale JCB mkono wake wakumbuyo ukapindidwa umaima mamita oposa 3.5.

Pamene njira ili yowongoka, mpata wa mamita 4.5 ukwanira. Vuto lili pa makona. Matayala akumbuyo a ngolo yaitali sadutsa mmene adutsa akutsogolo, amadulira mkati mwa kona mamita 3 kapena 4, ndipo ndi amenewo amene amagwetsa mizati ya geti, mapolo a magetsi ndi zimbudzi za m'mbali mwa njira. Ngati lole idzakhotere pa geti kuchokera mu msewu wopapatiza, getilo likhale mamita 6 kapena kuposa, ndipo libwerere mkati mamita 10 mpaka 15 kuchoka pa msewu, mpanda utatseguka mopendekeka mbali zonse ziwiri. Chabwino koposa n'kusamanga mizati ya geti mpaka ntchito ya makina itatha. Ngati mpanda wa njerwa unamangidwa kale, gumulani nokha chigawo chimodzi mwadongosolo n'kusunga njerwazo, kusiyana n'kuti lole igwetse zigawo zitatu.

Lobedi ndi yotsika kwambiri. Pakati pa mimba yake ndi nthaka pamakhala masentimita 20 mpaka 30 okha, ndipo mtunda wa pakati pa matayala a mutu ndi a ngolo ndi wautali. Ikafika pa hampu yaitali, podutsa njanji, pa chulu chosalazidwa mwachisawawa, kapena potuluka mu drift, mlatho wapansi uja umene madzi amadutsa pamwamba, mimba imakhala pansi matayala n'kumazungulira m'mwamba. Malo otere alembeni penti, ndipo tsiku lisanafike muthire dothi mbali zonse ziwiri kuti chitundacho chikhale chotsetsereka pang'onopang'ono.

Potsitsira makina pafunika malo owongoka a mamita 35 mpaka 40, olimba, ndiponso osapendekera mbali. Apa ndipo pamachitika ngozi zoopsa, chifukwa matcheni achitsulo pa makwerero achitsulo amaterereka, makamaka pakakhala matope kapena mame, ndipo lobedi ikapendekeka pang'ono chabe makina amatsetserekera m'mbali n'kugudubuzika. Lobedi iyeneranso kutembenuka, ndipo pamafunika bwalo la mamita pafupifupi 30. Ngati bwalolo palibe, dziwiranitu kuti idzatuluka chafutambuyo mtunda wautali bwanji, ndipo ndani adzailondolere. Nthawi zina nzeru ndi kutsitsira makina pa bwalo la mpira kapena pa msika wapafupi, mutapempha eni ake, kenako makinawo ayende okha. Koma ekisikaveta imayenda makilomita 5 pa ola ikathamanga kwambiri, ndipo ulendo wautali umatenthetsa ndi kudya zitsulo zoyendetsa matcheni, choncho eni ake ambiri salola kupitirira kilomita imodzi kapena ziwiri. Gwirizanani zimenezi pasadakhale. Podutsa pa tala, yalani matayala akale kuti matcheni asakumbe msewu.

Milatho ya m'misewu ya kumidzi isakhulupiriridwe poiona pamwamba. Tsikirani pansi pake. Onani ngati mitanda yonyamula ndi yachitsulo kapena yamitengo, ngati yadyedwa ndi dzimbiri kapena chiswe, ndiponso ngati madzi anakumba pansi pa zipupa za m'mbali. M'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje, namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anawononga milatho yambiri, ndipo mlatho wokonzedwa mwachangu kuti anthu ndi njinga zizidutsa sunakonzedwere matani 40. Kumva kuti malole a fodya kapena a chimanga amadutsapo si umboni wokwanira. Funsani ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya boma lanu. Akakayika, funani njira ina ngakhale yozungulira, kapena matipa azinyamula theka.

Dothi

Apa ndipo pofunika kudekha. Katondo wofiira wa m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu akauma amanyamula lole yodzaza popanda vuto, koma mvula ya ola limodzi imamuchititsa kuterera moti tipa imalephera kukwera ngakhale kamtunda kakang'ono. Makande, dothi lakuda long'aluka lija la ku Chikwawa, Nsanje, chigwa cha Phalombe ndi m'madambo ambiri, ndi olimba kwambiri mu Seputembala, koma akanyowa amafufuma n'kusanduka phala, ndipo amatenga masiku ambiri kuti aume. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja, ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, umachita zosiyana: umavuta ukauma kwambiri, ndipo umalimbako ukanyowa pang'ono.

Dambo ndi limene limapusitsa anthu ambiri. Mu Ogasiti pamwamba pamakhala pouma ndi polimba masentimita 15 kapena 20, koma pansi pake pali dothi lodzaza madzi. Tipa yoyamba imadutsa, anthu n'kunena kuti njira ili bwino. Kulemera kwa galimoto kumafinya madzi a pansi kuti akwere, chikhokho chouma chija chimayamba kunjenjemera, ndipo tipa yachitatu kapena yachinayi imaboola. Zizindikiro zake zimaoneka kwa woyenda wapansi: udzu wobiriwira mu Seputembala pamene kwina konse kwauma, bango ndi nsenjere, madimba pafupi, zitsime zosaya. Pamalo okayikitsa bayani chitsulo cha Y12 chija ndi kulemera kwa thupi lanu. Chikalowa mosavuta kupitirira masentimita 20, lole yodzaza isapondepo pasanakonzedwe. Kumbaninso maenje a theka la mita pa mamita 20 kapena 30 alionse, muwasiye usiku umodzi, m'mawa muone ngati mwalowa madzi. Dothi lochokera pansi pa dzenjelo mulipote m'manja: likapanga kachingwe kowonda osaduka, ndi dongo lonyowa kwambiri. Pa ntchito yaikulu itanani akatswiri oyeza dothi, ali ndi chipangizo chotchedwa DCP chimene chimapereka manambala enieni a kulimba kwa nthaka.

Palinso maenje obisika. M'mapuloti atsopano ozungulira mizinda yathu mwadzaza maenje oumbira njerwa amene anakwiriridwa ndi zinyalala, zimbudzi zakale, zitsime zosiyidwa, ndi ziulu zosalazidwa zimene pansi pake pali mphako. Pamwamba pamamera udzu, osaoneka kanthu. Afunseni amene ankalima kapena kukhala pamalopo, amadziwa. Lamulo losavuta ndi lakuti galimoto yolemera italikire dzenje lililonse mtunda wosachepera kuzama kwa dzenjelo. Chimbudzi cha mamita 3 chitalikiridwe mamita 3 kapena kuposa, chimodzimodzinso sepitiki thanki, ndipo chivundikiro chake sichinapangidwire tayala la lole.

Kukonza njirayo

Pamene dothi lili lolimba ndipo ntchito ndi ya masiku ochepa m'chilimwe, kungolambula ndi kusalaza kukwanira. Pamene matipa adzadutse kambirimbiri, kapena ntchito idzafike mu Novembala, pafunika gelevulo. Yambani mwachotsa dothi lapamwamba la mizu ndi manyowa, masentimita 15 mpaka 20, chifukwa limenelo silitsendereka. Njira ikhale yotambalala mamita 4, yokhala ndi malo opatukirana pa mamita 150 kapena 200 alionse. Gelevulo wotsenderedwa akhale wokhuthala masentimita 20, woikidwa m'magawo awiri, gawo lililonse lothiridwa madzi ndi kutsenderedwa palokha. Kuwerengera kwake nkotere: mamita 100 kuchulukitsa ndi 4 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi makiyubiki mita 80. Koma gelevulo wa mu tipa ndi womasuka, amatsika akatsenderedwa, ndiye onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi, zikhale pafupifupi 100. Amenewo ndi maulendo 10 a tipa ya makiyubiki mita 10 pa mamita 100 alionse. Amene ali ndi njira ya theka la kilomita adziwiretu kuti akukamba za maulendo 50, ndipo ndalama yake ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Gelevulo wabwino amakhala wosakanikirana miyala, mchenga ndi dongo pang'ono lomangirira. Mukamunyowetsa n'kufumbata, agwirane koma azimveka miyala m'dzanja. Wa dongo lambiri amaterera mvula ikagwa, wopanda dongo amamwazika ndi matayala. Miyala yoposa masentimita 5 ichotsedwe kapena iphwanyidwe. Rola, makina otsendera aja, idutse kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa gawo lililonse, ndipo ngati rola palibe, matipa odzaza azisinthasintha poponda m'malo mobwereza mizere imodzimodzi. Zidutswa za njerwa, zimene anthu amakonda kuthira pa matope, zimanyenyeka n'kusanduka fumbi pansi pa lole, choncho zingothandiza ngati gawo lapansi. Pa makande ndi padambo gelevulo yekha amamira m'matope. Pamenepo yalani nsalu yolimba ija yotchedwa geotextile, zidutswa zake zikwerane theka la mita, kapena yambani ndi miyala ikuluikulu yokhuthala masentimita 30. Kathiridwe kake nkofunika: tipa ibwerere chafutambuyo pa gawo lothiridwa kale, ikhuthule kumapeto, makina akankhire kutsogolo, kuti tayala lisaponde dothi lofewa ngakhale kamodzi. Dzenje limene mwakumbamo gelevulo likwiriridwe kapena m'mbali mwake mutsetserekedwe mukamaliza, chifukwa maenje otere akadzaza madzi a mvula ana amamiramo.

Tipa yodzaza pa njira ya gelevulo isakwere mtunda woposa mita imodzi pa mamita 10 alionse, ndipo lobedi imafuna wocheperapo. Kuyeza kwake n'kosavuta ndi chingwe cha mamita 10 ndi levulo ya pa chingwe, yomwe ija alangizi a zaulimi amagwiritsa ntchito poika akalozera. Pakati pa njira pakwere masentimita 4 kapena 5 pa mita iliyonse kuti madzi azitsikira m'mbali, ndipo pa malo otsetsereka ngalande za m'mbali zizikhala ndi potulutsira madzi pa mamita 20 mpaka 30 alionse. Mukapanda kutero, mizere ya matayala yolunjika kumunsi imasanduka ngalande mvula yoyamba, ndipo pofika Febuluwale muli ndi chigwembe pakati pa malo amene munafuna kuwakonza. Onetsetsaninso kumene madzi otulukawo akupita, asakathere m'khonde mwa aneba.

Pamene njira yanu ikudumpha ngalande ya msewu, musakwirire ngalandeyo ndi dothi ndi mitengo. Ikani mapaipi a kalavati osachepera mamilimita 600, ndipo a 900 ndi abwino koposa chifukwa munthu amatha kulowamo kuchotsa mchenga. Akhale okhala ndi zitsulo mkati. Maring'i a zitsime ogulitsidwa m'mbali mwa msewu si makalavati, amasweka ndi tipa yoyamba. Kutalika kwake kukhale mamita 6 ngati lole ikudutsa molunjika, 8 mpaka 10 ngati ikukhota. Mapaipi agone pa gelevulo wotsenderedwa kapena konkire, apendekere pang'ono kumene madzi akupita, ndipo dothi la m'mbali litsenderedwe m'magawo a masentimita 15, chifukwa paipi imapeza mphamvu kuchokera ku dothi loizungulira. Pamwamba pake pakhale dothi losachepera masentimita 60. Ngati ngalandeyo ndi yosaya moti zimenezi sizingatheke, kutirani mapaipiwo ndi konkire yokhuthala masentimita 15 ndipo mudikire masiku osachepera 7, makamaka 14, lole isanapondepo. Ngati mukulumikiza ku msewu waukulu wa M, malo a m'mbali mwake ndi a msewu, ndiye yambani mwaonana ndi a Roads Authority. M'tauni funsani khonsolo ya mzinda.

Mawaya ndi mapaipi

Mawaya a ESCOM amene amadutsa m'midzi ndi m'mapuloti ndi a 33 kV, 11 kV, ndi a 400 kapena 230 V opita m'nyumba. Otsika kwambiri amakhala ochoka pa polo kupita pa denga la nyumba, ndipo onse amalendewera kwambiri pakati pa mapolo awiri, makamaka masana otentha a mu Okutobala. Musayese n'komwe kuyeza msinkhu wa waya ndi nsungwi, paipi kapena tepi. Imikani munthu pansi pa malo otsikitsitsa, mujambule muli patali, muyerekeze ndi msinkhu wake. Ngati mpata ndi wokayikitsa, pitani ku ESCOM akakweze wayayo kapena azimitse magetsi pa ola lodutsa. Chizolowezi chokweza mnyamata pamwamba pa katundu kuti azitukula mawaya ndi mtengo chapha anthu, ndipo mwini malo asachilole.

Magetsi amphamvu amadumpha, safuna kuti chitsulo chigunde waya. Mkono wa ekisikaveta, bodi ya tipa ndi nsanja ya makina okumba mjigo zisayandikire mamita 3 kwa mawaya a 11 ndi 33 kV, ndipo mamita 6 kwa a 132 kV. Kumbukirani kuti tipa ikatukula bodi imafika mamita 6 mpaka 7, ndipo madalaivala ena amanyamuka bodi isanatsike. Choncho malo okhuthulira mchenga ndi kwale asakhale pansi kapena pafupi ndi mawaya. Pamene njira ikudutsa pansi pa mawaya, imikani mitengo iwiri ya bulugamu mbali iliyonse, mamita osachepera 6 kuchoka pa mawayawo, ndipo pamwamba mumangepo chingwe cha nayiloni chokhala ndi nsalu zofiira, kuti chilichonse chachitali chiyambe chakola chingwecho. Zikachitika kuti makina agunda waya, opareta akhale momwemo ndipo anthu onse atalikire mamita 10 kapena kuposa mpaka a ESCOM atsimikize kuti azimitsa. Ngati moto wabuka, adumphe miyendo ili pamodzi, osagwira makina ndi nthaka nthawi imodzi, ndipo achoke mokwekwesa mapazi.

Za pansi pa nthaka sizioneka, koma zimasiya zizindikiro: mamita a madzi, mipopi, zivundikiro za mavavu, timizati ta konkire tosonyeza mawaya a intaneti m'mbali mwa msewu. Mapaipi a pulasitiki opita m'nyumba nthawi zambiri amakwiriridwa mosaya, ena masentimita 30 okha. Funsani a Water Board kapena komiti ya madzi ya m'deralo, kumbani ndi khasu kuti mupeze paipiyo, ndipo pamene njira ikuidutsa muwonjezere dothi kapena muyale matabwa okhuthala.

Njira zambiri zolowera m'minda ndi m'mapuloti zimadutsa pa malo a anthu ena. Kaonaneni ndi a nyakwawa ndi eni minda mwezi wathunthu tsiku lisanafike, muwauze kukula kwa magalimoto ndi masiku ake. Ngati pali mtengo wa mango wofunika kusadza nthambi, mizere ya chinangwa yoti ipondedwe, kapena mpanda wa udzu woti usunthidwe, gwirizanani chipepeso, mulembe, amfumu achitire umboni. Jambulani mipanda, nyumba ndi makalavati a m'njira yonse makina asanabwere, kuti mng'alu wakale usadzakhale mlandu wanu, komanso kuti mukawonongadi mulipire mosakangana. Kumanda ndi mitengo yake sikukhudzidwa, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa kumeneko ndi kudambwenso. Pa mabwinja pamakhala manda akale opanda chizindikiro, amene akuluakulu okha ndi amene angakuonetseni. Mabikoni a malire muwazike zikhomo zazitali zopaka penti, chifukwa opareta ali pampando sangaone kachitsulo ka m'udzu, ndipo bikoni ikazulidwa pafunika saveya kuti aibwezeretse. Zilolezo nazo zisadikire tsiku lomaliza: mjigo ndi damu zimakhudza a National Water Resources Authority, kugwetsa mitengo yachilengedwe kumakhudza a zankhalango, ndipo ntchito ya malo aakulu imafuna kuti a MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, aione.

Mkati mwa malo anu

Geti likadutsidwa, madalaivala amangoyenda paliponse pamene paoneka pafupi, ndipo pakutha kwa sabata munda wonse wapondedwa. Kwa amene akufuna kudzalima, uku ndi kuwononga kwakukulu. Gawo lalikulu la kutsendereka kwa nthaka limachitika pa ulendo woyamba, ndipo ekiselo ya matani 10 pa dothi lonyowa imatsendera mpaka theka la mita pansi, kumene khasu ndi pulawo sizifika. Zotsatira zake ndi madzi oima pamwamba, mizu ya chimanga yopindika, ndi mizere ya mbewu zofooka imene imaoneka zaka zingapo. Choncho zikani zikhomo za njira imodzi, magalimoto onse amatayala aziyenda momwemo, ndipo njirayo ikhale pamene padzakhale msewu wa pa famu mpaka kalekale. Njira zosakhalitsa zidzang'ambidwe ndi ripa, mano achitsulo a kumbuyo kwa buludoza, dothi litauma, makina asanachoke. Dothi lapamwamba lochotsedwa liunjikidwe palokha, mulu wosaposa mamita 2, kuti lidzabwezeretsedwe. Mitengo yoti itsale, monga nsangu ndi mbawa, izingidwe ndi chingwe mpaka pamene nthambi zake zathera, chifukwa mizu yopondedwa imaumitsa mtengo patapita chaka kapena ziwiri.

Sankhaninso malo oimikapo makina usiku, okwera ndi ouma, pamene mlonda angawaone. Ekisikaveta ya matani 20 imamwa malita 12 mpaka 18 a dizilo pa ola, buludoza ya D6 imamwa 20 mpaka 30, ndiye kuti mgolo wa malita 200 ndi wa tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka. Galimoto yobweretsa mafutawo iyenera kufika pamene pali makina tsiku lililonse, ndipo nthawi imene dizilo akusowa m'dziko, musaitane makina musanasunge wa masiku angapo. Migolo ikhale mamita 30 kapena kuposa kuchoka pa chitsime kapena mtsinje. Ana adzabwera ambiri kudzaonerera, zimenezo n'zosapeweka. Mkono wa ekisikaveta umafika pafupifupi mamita 10 ndipo kumbuyo kwake opareta saona bwino, ndiye pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi yoletsa anthu kuyandikira mamita 15 ndi kulondolera malole pobwerera m'mbuyo.

Pangano ndi eni makina linene momveka amene alipire kubweretsa ndi kubweza makina, maola ochepetsetsa olipiridwa pa tsiku, ndalama ya tsiku limene makina angoima chifukwa cha mvula kapena njira yoipa, ndiponso amene alipire kukoka galimoto yotitimira. Lembani nambala ya maola pa mita ya makina pofika ndi pochoka tsiku lililonse. Lole ikatitimira, dalaivala asiye kuponda mafuta nthawi yomweyo, chifukwa matayala akamazungulira amadzikumbira okha. Khuthulani katundu, kumbani kutsogolo kwa matayala, yalani miyala, ndipo kokani ndi tcheni chochindikala chomangidwa pa malo okokera, anthu atatalikira. Kukankha bodi ndi chidebe cha ekisikaveta kumapinda chasisi.

Nyengo yabwino m'madera ambiri ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala, anthu atakolola ndipo nthaka itauma. Mu Epulo ndi Meyi pamwamba pamaoneka pouma koma pansi pakadali madzi, ndipo madambo amafuna kudikira mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ngakhale pamenepo muyambe mwawayeza. Ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa misewu ya dothi masiku angapo motsatizana, ndipo ku Nkhata Bay mvula imachedwa kusiya. Werengerani masiku mobwerera kuchokera pakati pa Novembala, musiyepo masabata awiri a kuwonongeka kwa makina ndi kusowa kwa mafuta.

Ntchito iyambire kumapeto kwa malo n'kumabwerera cha ku geti, kuti makina asapondenso pamene amaliza. Okumba mjigo alowe maziko a nyumba, ngalande ndi mipanda yamkati zisanatseke njira, chifukwa amabwera ndi malole awiri olemera ndipo amafuna malo osalala oimikapo nsanja. Ngalande iliyonse yodutsa njira yaikulu, kaya ya paipi ya madzi kapena ya waya wa magetsi, ikumbidwe pomalizira penipeni, kapena muikiretu paipi yaikulu yopanda kanthu pansi pa njirayo poikonza, kuti zinazo zidzangolowetsedwamo. Malo otsitsira aja asaunjikidwe mchenga, njerwa kapena zitsa, pakuti lobedi idzawafunanso tsiku lonyamula makina, ndipo tsiku limenelo likapezeka kuti mvula yagwa usiku, dikirani tsiku limodzi kapena awiri kuti njira iume, ngakhale mulipire ndalama ya makina oima.